Sabata Imene Tinanyamula Mjigo Kupita Nawo ku Boma

Lolemba

Lachisanu tikuyenda! Ndalemba zimenezi pamwamba penipeni kuti ndikangotsegula kopeli ndizilandiridwa ndi mawu amenewa.

Kope ndi la Tisa, mwana wanga, la chaka chatha. Masamba akumbuyo anatsala osalemba, ndiye ndalanda. Mlembi wa amayi a pamjigo sangayende chimanjamanja. Mlembiyo ndine! Pondisankha manja onse anakwera m'mwamba, kupatula la Amake Chisoni amene anali kuyamwitsa.

Nkhani yake nayi, kuti ndikadzakalamba ndisadzaiwale chimene ndinkapsera mtima. Mjigo wa m'komboni mwathu unafa nthawi yozizira. Lero kunja kukutentha moti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, koma mjigo ukadali chete. Madzi tikutunga kudambo, pachitsime chimene timalimbirana ndi ng'ombe. Tisa wadwala m'mimba kawiri, ndipo mayeso a giredi seveni ali pakhomo. Mwana wokonda kudya uja tsopano siketi ikuvuka yokha. Zikundiwawa, sindibisa.

Ku ofesi yoona za mijigo ku boma tapitako katatu:
- Koyamba, bwana ali kumsonkhano.
- Kachiwiri, bwana ali kumaliro.
- Kachitatu, bwana kulibe, akutero mlonda, ife tikuona jekete lawo pampando kudzera pazenera.

Ndiye Amayi Zulu, apampando athu, akuti basi, miyendo ilankhule. Zionetsero! Kalata yodziwitsa apolisi ndinalemba ndine, tinakapereka Lachisanu lapitali, masiku asanu ndi awiri ndendende monga lamulo lifunira. Amayi Zulu akuti lamulo silikuti tipemphe, likuti tidziwitse. Iwowa anasesa kukhoti zaka zambiri, malamulo anawameza pamodzi ndi fumbi.

Zimene tili nazo:
- Amayi makumi asanu ndi limodzi, maina onse ali m'kopemu.
- Zikwangwani zisanu ndi zitatu za makatoni a sopo.
- Nsalu yoyera ya pabedi, yanga, ya paukwati, yolembedwa ndi penti kuti TIKUFUNA MADZI.
- Nyimbo zitatu zatsopano. Imodzi ikukamba za jekete la bwana, ndipo ndi yokoma zedi.
- Mutu wa mjigo weniweniwo. Taumasula, tikauika patebulo pawo kuti auone ndi maso.
- Mawu anga.

Inde, wolankhula pageti ndine. Ndayamba kuyeseza kuseri kwa khola. Poyambira pake mpakuti: "Bwana, ife sitinabwere ndi miyala, tabwera ndi ludzu." Ndikafika pamenepa ndekha thupi limachita tsembwe. Mbuzi zinasiya kudya n'kundiyang'ana.

Bambo ake Tisa sakusangalala. Amuna anga ndi akalipentala abwino, aafupi, ofatsa, koma akaona yunifolomu ngakhale ya mlonda wa pasitolo amayamba kufufuza chitupa m'thumba. Akupala thabwa osandiyang'ana, akuti: "Amake Tisa, mu selo namonso mulibe mjigo."

Ndawauza kuti mantha awo awapale apange mpando.

Lachiwiri

Atiitana kupolisi! Ndavala nsapato za Lamulungu. Amayi Zulu akuti ichi n'chizindikiro chabwino, kalata yathu yawerengedwa, tikuopedwa.

Tikhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka mthunzi wa mtengo wa mango utachoka pa ife n'kupita kwa ena. Pambali panga pali bambo wobedwa tambala. Ndamufotokozera nkhani yonse ya mjigo. Akuti mkazi wake abwera nawo Lachisanu. Makumi asanu ndi limodzi kudza mmodzi!

A Insipekita ndi munthu waulemu, sindinama. Aimirira potilandira, atipatsa mipando, afunsa za kunyumba. Kenako akuti: "Ufulu wokamba muli nao, amai, kulibe amene angakulandeni. Koma."

Koma ameneyo ndiye watenga ola lathunthu. Ndalemba mpaka dzanja kuuma:
- Zikwangwani zonse zitsale kupolisi, aziwerenge kaye ngati zilibe chipongwe.
- Chilichonse cholembedwa chisaoneke pamsewu iwo asanachivomereze.
- Osanyamula zitsulo, ndodo, miyala, ngakhale mithiko.
- Osatseka msewu. Tiyende m'mbali, pang'onopang'ono, awiriawiri.
- Galimoto ikagunda munthu, mlandu ndi wathu. Tidziteteze tokha.

Zikwangwani zathu zisanu ndi zitatu aziika kuseri kwa kabati, pamodzi ndi njinga zolandidwa. Changa chija chokongola, chakuti ANA ATHU SI NG'OMBE, achiika chozondoka. Mtima unandipweteka, koma ndinamwetulira monga mlembi.

Mwayi wake nsalu yoyera sitinapite nayo, inali pachingwe penti ikuuma. Ndiipinda pawiri, mawu akhale mkati, tidzaitambasule pageti la ofesi. Palibe lamulo loletsa mayi kunyamula nsalu yake ya pabedi.

Vuto ndi mutu wa mjigo. Chitsulo chokhachokha, ndipo chili ndi mkono wautali. Pobwerera ndatsala pang'ono kulira. Popanda mjigowo bwana adzangoti atumiza anthu akaone, ndipo anthu amenewo tikuwadziwa, sanabadwe.

Koma Amayi Zulu! Mutu wa mayi ameneyu ndi wa boma. Aima pakati pa njira, akuti chitsulo chimene wapolisi sakuchiona si chitsulo. Akundifunsa ngati bambo ake Tisa alibe bokosi.

Alinalo! Bokosi lalitali losungiramo masowo ndi zipangizo, anakhoma okha ndi matabwa abwino, lili ndi chivundikiro ndi zogwirira ziwiri mbali iliyonse. Tayesa madzulo ano iwo atapita kukagula misomali. Mjigo walowa bwinobwino ngati anauyeza. Pamwamba tidzafunditsa nsalu yoyera ija. Zinthu ziwiri zoletsedwa, ulendo umodzi, wapolisi osaona kanthu.

Ndine wokondwa kwambiri. Ndayeseza mawu anga kanayi.

Lachitatu

Kupolisi kachiwiri, kukatenga zikwangwani. Sanaziwerenge. Wowerenga zikwangwani wapita kukaperekeza akaidi. Ndafunsa ngati sangawerenge wina, poti mawu onse pamodzi sakwana makumi atatu. Akuti aliyense ali ndi ntchito yake.

M'malo mwake a Insipekita akumbukira zina ziwiri zimene anaiwala dzulo.

Choyamba, nyimbo. Akuti amva kuti pali nyimbo ya jekete. Wawauza ndani? Ndikukayikira bambo wa tambala uja, ndinamuimbira pang'ono pabenchi. Nyimbo yotchula munthu, chovala cha munthu kapena mimba ya munthu, ayi. "Ngati mufuna kuimba, imbani za Mulungu chabe."

Chachiwiri, zovala. Tisavale mtundu uliwonse wa chipani, kuopa kuti anthu angatiyese andale n'kuyamba kugenda. Tikhala pansi pa mtengo kuwerenga mitundu. Uwu ndi wa awa. Uwo ndi wa awo. Winawo unali wa aja anagwa, koma akuti akudzukanso. Zitenje zonse za m'komboni muno tinachita kulandira pamisonkhano, china chili ndi nkhope, china chili ndi dzanja. Chatsala n'chiyani? Yunifolomu ya amayi a kutchalitchi: bulauzi yoyera, mpango woyera, chitenje cha mpingo. Aliyense ali nayo, ndipo timaoneka bwino tikavala. Kunena zoona ndasangalala, yanga ndinasita kale.

Madzulo tikuyeseza nyimbo za Mulungu. Amake Chisoni, amene amatsogolera kwaya, akuti tisankhe zimene tonse timazidziwa pamtima, poti mabuku ndi zinthu zolembedwa ndipo angatilande. Tapeza zitatu. Zonse n'zoyenda pang'onopang'ono, zokoka mawu, zija zimatuluka zokha pakamwa chifukwa timaziimba pafupipafupi. Zikugwirizana bwino ndi kayendedwe kamene apolisi akufuna. Tikuimba, mayi wina wodutsa ndi nkhuni waima n'kupukuta m'maso. Ngati kuyeseza kokha kukukhudza anthu chonchi, nanga Lachisanu!

Koma chiwerengero chatsika. Tatsala makumi atatu ndi anayi. Zifukwa zimene ndalandira:
- Mwendo.
- Amuna akana.
- Mwendo wa amuna.
- Kukasenda mtedza kwa apongozi ku Madzimoyo.
- Mmodzi akuti analota apolisi.
- Mmodzi akuti iye madzi akudambo anawazolowera.

Wotsirizayu ndamufufuta ndi mizere iwiri.

Tisa wabwera kusukulu n'kupita kudambo maulendo awiri ndisanamuletse. Akundifunsa ngati Loweruka tidzakhala tikumwa a pamjigo. Ndamuuza kuti mwina osati Loweruka lenilenilo, koma bwana akamva mawu a amake sadzagona. Waseka. Ndi nthawi yaitali ndisanamumve akuseka chonchi.

Bambo ake afunsa chifukwa chimene masowo awo ali pansi pa bedi. Ndati ndikusesa m'bokosi.

Lachinayi

Zatembenuka!

Tafika kupolisi kuti tigwirizane nthawi yonyamukira. A Insipekita akupukusa mutu mwachisoni ngati ndi iwo amene akumwa madzi a ng'ombe. Akuti: "Amai, tilibe manipawa." Ndiye kuti alibe apolisi okwanira otiperekeza. Ena ali kumalire ku Mwami, ena akudikira alendo akuluakulu, wina mkazi wake wachira. Zionetsero ziyambe zaima. Mpaka liti? Adzatiuza. Tikayenda mawa popanda iwo, umenewo ndi msonkhano wosaloledwa, ndipo galimoto yotinyamula ilipo.

Ndafunsa mwaulemu kuti ngati alipo apolisi otigwira, bwanji omwewo asatiperekeze. Amayi Zulu andiponda phazi.

Nkhani yafika m'komboni ife tisanafike. Pofika masana tatsala khumi ndi mmodzi. Ndawerenga katatu, mwina ndalumpha wina. Khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo agogo a Nyirenda amene samva bwino ndipo ndikukhulupirira kuti akuganiza kuti tikupita kukaona odwala.

Ndinakhala pamtondo. Koma Amayi Zulu akuti ife mbali yathu tinachita, tinadziwitsa. Ndipo mawa sitikuchita zionetsero pamsewu ayi. Ndife amayi khumi ndi mmodzi oyenda m'mbali mwa msewu, ovala za kutchalitchi, oimba za Mulungu, onyamula bokosi lathu. Mlandu uli pati? Zionetsero zidzayambira pageti la ofesi: nsalu tambasu, bokosi tsegu, mlembi lankhu. Apolisi akamadzafika, bwana atamva kale.

Mtima wabwerera m'malo! Ndawakumbatira.

Za magalimoto taganizanso. Malole ochokera ku Mwami amathamanga ngati msewu ndi wa agogo awo, ndipo tauzidwa kuti tidziteteze tokha. Amayi Zulu adzadzuka m'mamawa kuthyola nthambi za masamba, aziike pamsewu kuyambira pakhomo panga mpaka pa tala, kuti oyendetsa achepetse liwiro. Dalaivala aliyense kuno akaona masamba pamsewu amaponda mabuleki. Nzeru zokhazokha!

Bambo ake Tisa apeza mjigo m'bokosi mwawo. Sanakalipe. Atseka chivundikiro pang'onopang'ono, atseka shopu dzuwa likadalipo, apopa njinga. Akuti mbuzi ya achimwene awo ku Mtenguleni ikudwala, akufunika msanga. Kuyambira liti kalipentala akuchiza mbuzi? Atulukira njira yakuseri kwa nthochi, osatsanzika ngakhale kwa aneba. Foni athimitsa ine ndikuona, akuti apolisi amatsata munthu ndi foni.

Apite. Mbiri ikamalembedwa, dzina lawo lidzakhala ku mbuzi.

Lachisanu, m'mawa

Bulauzi yoyera, mpango woyera. Bokosi lili pakhonde, nsalu pamwamba, mawu mkati. Masamba ali kale pamsewu, obiriwira bwino. Tisa wapita kusukulu, ndamupsompsona pamphumi, wadabwa. Mawu anga ndawabwereza komaliza kuchimbudzi. Palibe pamene ndaphonya.

Tikunyamuka!

Lachisanu, madzulo

Sindikudziwa poyambira. Ndilemba monga zachitikira.

Tikutuluka pakhomo panga, anayi anyamula bokosi, ine pambuyo pake penipeni monga mlembi, ena awiriawiri. Amake Chisoni ayambitsa nyimbo. Bokosi n'lolemera, ndiye tikuyenda mochita kukoka miyendo.

Tisanafike pa tala, bambo wina wa kabaza watsika panjinga, watsitsanso pasinjala wake, onse avula zipewa. Ndikunong'oneza Amayi Zulu kuti taonani ulemu. Pagolosale athimitsa wailesi. Amayi ogulitsa tomato akhala pansi n'kuweramitsa mitu. Lole yaikulu yaima n'kuyatsa magetsi masana. Ine mtima uli m'mwamba: Chipata yense ali mbali yathu! Anthu atopa ndi ludzu!

Kenako amuna anayi atuluka pamalo ootchera zitsulo, akupukuta manja m'mabuluku. Wamkulu wawo akuti: "Amai, iyi si nchito yanu, tipatseni." Alanda bokosi, aliika pamapewa. Tayenda pang'ono, ena anayi abwera kudzawalandira. Kenako ena. Akulandirana mwadongosolo, opanda mawu, monga amuna amachitira nthawi zonse pa...

Pamenepo m'pamene ndinayamba kuzindikira.

Ndicheuka. Kumbuyo kwathu kuli anthu osawerengeka. Amayi a m'komboni, onse aja a miyendo yopweteka, alipo, mipango kumutu, akuimba mokweza kutiposa. Wa maloto a apolisi alipo. Wozolowera madzi akudambo ali patsogolo, akulira mokuwa. Ndiyang'ana masamba pamsewu. Ndiyang'ana bulauzi yanga. Ndiyang'ana bokosi lalitali la nsalu yoyera. Ndimvetsera nyimbo imene tikuimba, ndikumbukira kumene timaiimba pafupipafupi.

Ndiyang'ana Amayi Zulu. Nkhope yawo yachita phulusa. Akundiuza ndi maso kuti nditseke pakamwa.

Thukuta likulowa m'maso, mantha akundikwera, misozi yayamba kutuluka yeniyeni. Basi, amayi awiri andigwira mikono uku ndi uku, wina wandifunditsa chitenje kumutu. "Limbani mtima, Amake Tisa." Sindingathenso kuthawa ngakhale nditafuna.

Tifika pamphambano. Kumanzere ndi ku ofesi, kumanja ndi njira ya kutchalitchi. Ndipo apolisi alipo! Anayi! Manipawa yapezeka! Aimitsa magalimoto mbali zonse, msewu wonse wa tala atipatsa ife, ife amene Lachiwiri timauzidwa zoyenda m'mbali awiriawiri. Mmodzi wachita sawatcha.

Ndikusuzumira pansi pa chitenje. Geti la ofesi lili pompo, ndikanaponya chitsononkho chikanafika. Ndipo pageti paima bambo wonenepa bwino, dzanja pamtima, mutu woweramitsa. Jekete ndalizindikira. Ndi bwana! Alipo! Miyezi yonseyi ndikumufuna, lero watuluka yekha kudzaima padzuwa chifukwa cha ine.

A Insipekita abwera, avula chipewa, andigwira dzanja ndi manja awiri. "Pepani maningi, amai. Dzulo lomweli tinali pamodzi, simunakambe kuti kunyumba kuli matenda."

Nyimbo yatsika. Anthu ali chete. Bwana ali apo, khamu lili apa, mjigo uli pamapewa a amuna, nsalu ingofunika kukoka kamodzi. Mawu anga afika pakhosi, onse, kuyambira pa miyala ndi ludzu. Koma kuseri kwa a Insipekita ndikuona galimoto ija yotinyamula, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Ndikuganiza za agogo a Nyirenda mu selo. Ndikuganiza za Tisa akubwera kusukulu, nyumba yokhoma, bambo ake ali ku mbuzi.

Ndinati: "Zikomo."

Wapolisi watambasula dzanja kuloza kumanja. Bokosi lakhota, ife pambuyo.

Kutchalitchi a katekisiti atuluka akuthamanga, akumanga mabatani, akudandaula kuti palibe anawauza. Amayi Zulu apempha kuti bokosi lilowe kaye m'kachipinda kosungiramo mabenchi othyoka, mutsale achibale okha. Wonyamula wina potuluka akupukusa phewa, akuuza mnzake: "Aafupi koma kulemera, a kalipentala." Apo m'pamene ndadziwa amene wamwalira.

A katekisiti akweza nsalu, yatambasuka. Awerenga TIKUFUNA MADZI. Atsegula bokosi. Akhala pa thumba la laimu. Munthu mmodzi yekha m'Chipata monse amene wawerenga nsalu yanga ya paukwati. Asuzumira pazenera, aona apolisi awiri atiperekeza mpaka pabwalo. Atuluka n'kuuza anthu kuti mwambo wayamba waima, adzamva. Sananame, koma sanathandizenso.

Chimene sindidzadzikhululukira ndi ichi. Ndikufika kunyumba, ndapeza Tisa pakhonde, aphunzitsi amubweretsa atamva za maliro, maso atatupa. Ndamukokera kuchipinda, ndamuuza zonse. Wandiyang'ana nthawi yaitali. Sanaseke.

Loweruka

Pakhomo panga pali maliro.

Ndauza anthu kuyambira dzulo. Ndaima pakhonde, ndanena momveka bwino kuti bambo ake Tisa sanafe, ali ku Mtenguleni, m'bokosi muli mjigo. Amayi akuyang'anana mwachifundo. Wina akuti: "Asiyeni, mutu wasokonezeka, zimachitika." Andikhazika pamphasa, andipatsa phala. Sabata yonse ndimaopa kuti andiletsa kulankhula. Lero ndikulankhula momasuka, palibe wondigwira pakamwa, ndipo palibe akumva.

Amayi Zulu, mboni yanga, atsekeredwa m'nyumba ndi mutu waching'alang'ala. Ena asanu ndi atatu sakuoneka. Agogo a Nyirenda alipo, koma akulira nawo.

Zimene zafika pakhomo pofika masana:
- Nkhuni, ngolo ziwiri.
- Tenti ya mpingo.
- Ufa, kabichi, nkhuku zitatu.
- Abale anga a ku Madzimoyo, pa thirakitala.
- Apongozi anga a ku Mwami, amene anayamba kulira ali pa siteji ndipo akundifunsa chifukwa chimene ndinatengera mwana wawo kutchalitchi iwo asanaone nkhope.
- Adzukulu, kudzafunsa muyeso wa manda.

Foni ya malemu ikuimbidwa ndi aliyense, ndi yothimitsa, ndipo aliyense akugwedeza mutu kuti n'zoonadi.

Madzi a anthu onsewa? Kudambo. Amayi akupita ndi zidebe mzere wautali, akubwera akudandaula kuti madzi ake ndi onunkha, boma likuchita chiyani. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalemba maina.

Dzuwa litapendeka, belu la njinga. Ngrii, ngrii. Bambo ake Tisa akulowa pachipata, fumbi mpaka m'nsidze, nkhuku yamoyo pakaliyala. Uthenga unawapeza ku Mtenguleni ali pakudya: munthu anabwera kudzauza achimwene awo za imfa, n'kupeza womwalirayo akunyambita zala.

Sindinaonepo anthu akubalalika chonchi. Tenti yagwa mbali imodzi. Wozolowera madzi akudambo walumpha mpanda wa nthochi. Adzukulu okha ndi amene anaima, mmodzi akuwayeza ndi maso. Apongozi akomoka, atsitsimuka, awagwira mwana wawo makutu onse awiri, kenako atembenukira kwa ine. Zimene ananena sindilemba m'kope la mwana.

Amuna anga aima pakati pa bwalo, akuyang'ana nkhuni, tenti, miphika. Ndikudikira kuti akalipe. Akungofunsa motsitsa mawu: "Anthu onsewa anabwerera ine?" Ndipo akuoneka okondwa! Akuyenda kugwira aliyense chanza, akufunsa amene analira kwambiri.

Nkhuku zitatu zija tadya. Zinali zitaphedwa kale.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi lakumbuyo, mpango wotsitsa mpaka m'maso. Bambo ake Tisa akhala kutsogolo, kumene sanakhalepo chibadwire, anthu akuwasuzumira. A katekisiti polengeza angoti banja lina likuthokoza onse amene anabwera, ndipo mwambo uja sudzakhalaponso. Kwaya inalephera kuyamba nyimbo, Amake Chisoni mapewa akugwedezeka.

Potuluka, a Insipekita. Amapemphera konkuno. Ndinati basi, galimoto ija yandipeza. Koma agwira chanza amuna anga, awayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako akutembenukira kwa ine. Akuti iwo m'buku mwawo analemba kuti Lachisanu kunadutsa maliro, ndipo maliro safuna kalata. Zionetsero sanazione, choncho mlandu palibe. Akutinso zikwangwani zathu zawerengedwa, zilibe chipongwe, tikatenge. Tikafuna kuyenda, tilembe kalata ina, masiku asanu ndi awiri, adzaona ngati manipawa ilipo.

Ndazungulira pabwalo ndi kope kufunsa amene angalembetsenso. Alembetsa awiri: ine ndi agogo a Nyirenda. Amayi Zulu akuti ayamba aonanso bwino malamulo.

Mmene zinthu zilili:
- Mutu wa mjigo uli m'kachipinda ka mabenchi othyoka. Kale tinali ndi mjigo wakufa, tsopano tili ndi paipi yotseka ndi chisanza.
- Bokosi amuna anga akuti salifunanso.
- Apongozi akuti akhala milungu iwiri, kuti aonetsetse.
- Nsalu yanga ya paukwati penti sikuchoka.

Ndakhala ndikuganiza. Katatu tinapita ku ofesi ndi pakamwa pathu, mlonda sanatsegule geti. Tsiku limodzi tayenda ndi bokosi, malole aima, apolisi achita sawatcha, bwana watuluka yekha n'kuika dzanja pamtima. Tauni ino imadziwa kupereka ulemu, ndaona ndi maso anga. Imangodikira kuti munthu ayambe wagona m'bokosi. Ndili ndi manyazi, ndili ndi mkwiyo, ndipo waukulu ndi wa pa ine ndemwe. Sabata yathunthu kuyeseza pamaso pa mbuzi, n'kukanena liwu limodzi, lothokoza.

Tisa wayambanso kundilankhula masana ano. Watenga chidebe, waima pakhomo, akufunsa: "Amama, bwana uja munamuona ndithu?" Ndati ndinamuona. "Ndiye munamuuza?"

Ndamulanda chidebe, ndamuuza akawerenge.

Nkhuni za pamaliro zatsala mulu waukulu kuseri kwa nyumba, eni ake achita manyazi kudzazitenga. Ndaziyang'ana bwino. Zikwanira kuwiritsa madzi akudambo tsiku lililonse mpaka Tisa atalemba mayeso.

Ndikupita kudambo dzuwa lisanalowe, ng'ombe zisanayambe.